Kalata Yotseguka kwa Mkulu wa Mapositiofesi ku United States: Zithunzi za Pamakoma Zibwerere Pamaso pa Eni Ake

Olemekezeka Mkulu wa Mapositiofesi,
United States Postal Service,
Washington, D.C.

Bwana,

M'chaka cha 2014, m'chipinda chapansi cha positiofesi ya mumzinda wa Richmond ku California munapezeka bokosi lathabwa lokutidwa ndi fumbi. Anthu osunga mbiri ya mzindawo atalitsegula anapezamo chinsalu chachikulu chojambulidwa ndi penti wamafuta, chosonyeza anthu apantchito, mafakitale ndi misewu ya Richmond monga inkaonekera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili pafupi kufika ku America. Anachijambula ndi Victor Arnautoff mu 1941, ndipo anamulipira ndi boma. Chinamatulidwa pakhoma mu 1976 pamene ankakonzanso chipinda cholandirira anthu, n'kuikidwa m'bokosimo kuti chidikire. Chinadikira zaka 38. Ana obadwa chaka chimene chinatsitsidwacho anakula, anakwatira, anabereka awo ana, osadziwa kuti pansi pa mapazi awo, pomwe ankaima pamzere wogula masitampa, panali chuma chawo.

Kalata ino yalembedwa chifukwa cha bokosi limenelo ndi ena onga ilo. Bungwe limene mukutsogolera likusunga zithunzi za pamakoma ndi zosema zoposa 1,000 zimene boma linalipirira pakati pa 1934 ndi 1943, zambiri mwa izo m'matauni ang'onoang'ono momwe mulibe nyumba ina iliyonse yoonetseramo zaluso. Zinagulidwa ndi msonkho wa anthu, ndipo cholinga chake chinali chimodzi: kuti munthu wamba aziziona tsiku ndi tsiku osalipira kanthu. Chithunzi chotere chikatsekeredwa m'bokosi, chikakutidwa ndi pulasitiki, kapena chikatsalira m'nyumba yogulitsidwa ya zitseko zokhoma, ndiye kuti eni ake alandidwa. Udindo wanu pa zinthu zimenezi ndi wa munthu wosunga chuma cha masiye: amachisamala, amanena poyera kuchuluka kwake, ndipo salola kuti chisowe iye ali pomwepo.

Nkhani ya zithunzizi inayambira panjala. Mu 1933 chuma cha America chinali chitagwa chagada. Mabanki ankatsekedwa motsatizana, ndipo pa anthu anayi alionse ofuna ntchito, mmodzi ankangokhala manja lende. Ojambula ndi osema anali kumchira kwenikweni, pakuti palibe amene amagula chithunzi ana akugona ndi njala. Mu Meyi chaka chimenecho wojambula George Biddle analembera kalata Pulezidenti Franklin D. Roosevelt, yemwe anaphunzira naye sukulu imodzi ku Groton, kumuuza zimene boma la Mexico linachita popatsa Diego Rivera ndi anzake makoma a nyumba za boma kuti ajambulepo mbiri ya anthu awo. Pofika Disembala boma linali litayambitsa ntchito yoyeserera imene inalemba aluso oposa 3,700 kwa miyezi yowerengeka. Zitaoneka kuti n'zotheka, nduna ya zachuma Henry Morgenthau Jr. inakhazikitsa nthambi yapadera mu Okutobala 1934, imene pambuyo pake inadziwika ndi dzina loti Section of Fine Arts. Woitsogolera anali Edward Bruce, loya ndiponso wamalonda amene anasiya zonsezo ali wamkulu kale n'kuyamba kujambula.

Bruce sanafune kuti nthambiyo ikhale yogawa chithandizo. Kupatsa aluso osowa malipiro a pamlungu inali ntchito ya bungwe lina, la WPA, ndipo mpaka lero anthu ambiri amasokoneza ziwirizi. Iye ankafuna kugula ntchito yabwino pamtengo wake. Ndalama zinkachokera pa dongosolo losavuta kumva: pa madola 100 alionse omangira nyumba yatsopano ya boma, dola imodzi izipatulidwa yokongoletsera. Ntchito zinkaperekedwa kudzera m'mipikisano yobisa mayina. Wojambula ankatumiza kachithunzi kachitsanzo kosasainidwa, dzina lake litamatidwa mu envulopu, ndipo oweruza ankang'amba envulopuyo atasankha kale. Amene sanapambane koma ntchito yawo inagwira mtima ankapatsidwa mapositiofesi a m'matauni aang'ono. Mpikisano waukulu wa 1939, wofuna chithunzi chimodzi m'chigawo chilichonse mwa zigawo 48 za nthawiyo, unakopa ojambula oposa 900, ndipo magazini ya Life inasindikiza zopambana mu Disembala chaka chomwecho.

Malipiro a positiofesi ya tauni yaing'ono ankakhala pafupifupi madola 700. Pa ndalama zomwezo wojambula ankagula chinsalu, penti ndi maburashi, kulipira ulendo, ndi kulipira omuthandiza kumata chithunzicho. Ankalandira m'zigawozigawo, ndipo gawo lomaliza linkadikira kalata ya mkulu wa positiofesiyo yotsimikiza kuti ntchito yakwera pakhoma. Malo ake anali amodzimodzi pafupifupi kulikonse: pamwamba pa chitseko cha ofesi ya mkuluyo, mamita pafupifupi 3.6 chopingasa ndi 1.5 chokwera, nthawi zina m'munsi mwake atadula kuti felemu ya chitseko ilowe. Aliyense woima pamzere akangokweza maso ankakumana nacho.

Positiofesi inasankhidwa chifukwa ndi kumene munthu wamba ankakumana ndi boma lake. Mlimi ankabwerako kudzatenga mbewu zoitanitsa pakalata, mayi kudzafunsa ngati mwana wake wopita kukasaka ganyu walemba, ndipo ambiri amene anataya chikhulupiriro mwa mabanki ankasungitsa ndalama zawo pakauntala pomwepo. Nthambi ya Bruce inatsekedwa mu 1943, nkhondo itameza ndalama zomangira, mwini wakenso atamwalira mu Januwale chaka chomwecho. Pofika apo aluso pafupifupi 850 anali atapanga zithunzi ndi zosema pafupifupi 1,400, zonse pamodzi pamtengo wa madola pafupifupi 2.5 miliyoni. Oposa 150 mwa alusowo anali akazi.

Kuti mumvetse chimene chili m'manja mwanu, Bwana, yambani ndi Anadarko ku Oklahoma. Makoma a positiofesi ya kumeneko ali ndi zithunzi 16 za Stephen Mopope, mwana wa mtundu wa eni nthaka wa Kiowa, amene anazimaliza mu 1937 mothandizana ndi anzake James Auchiah ndi Spencer Asah. Pali ovina atavala nthenga za chiwombankhanga, pali woimba ng'oma, pali alenje akuthamangitsa njati, ndipo pali banja lili pa akavalo likusamutsa msasa. Mu 1890 boma linali litaletsa gule wopatulika wa dzuwa wa mtundu umenewu. Zaka 47 pambuyo pake, Mopope, yemwenso anali katswiri wovina, anaika magule a makolo ake pakhoma la nyumba ya boma, ndi dzanja lake ndiponso m'kajambulidwe ka kwawo. Zidzukulu za anthu amene ali pakhomapo zimabwerabe kudzatumiza makalata m'chipinda chimenecho.

Zosema nazo zinalipo pafupifupi 300, zamtengo, zamwala, zadothi lootcha ndi zachitsulo. Ku Haddon Heights, tauni ya ku New Jersey, kuli chosema choyera cha mkazi atagona chammbali, akulemba kalata. Anachiumba mu 1939 ndi Isamu Noguchi, mwana wa bambo wa ku Japan ndi mayi wa ku America. Mu 1942, boma likutsekera m'misasa anthu a magazi a ku Japan, Noguchi analowa mwa kufuna kwake mumsasa wa Poston ku Arizona kuti akathandize otsekeredwawo, ndipo kutulukamo kunamutengera miyezi. Lero ntchito zake zimagulidwa pa mamiliyoni a madola, ndipo ku New York kuli nyumba yoonetsera zosema zake zokhazokha, koma munthu wa ku Haddon Heights amaona Noguchi kwaulere akamatumiza phukusi. William Zorach anasemera Greeneville ku Tennessee zosema ziwiri zamtengo. Chaim Gross anasemera Irwin ku Pennsylvania anthu osungunula chitsulo. Philip Guston, asanatchuke padziko lonse, anajambulira Commerce ku Georgia onyamula makalata ndi omanga njanji.

Mpikisano wobisa mayina unatsegulira khomo anthu amene akanabwezedwa pachipata. Ethel Magafan wa ku Colorado anali ndi zaka zosaposa 22 pamene chithunzi chake cha alimi akupuntha tirigu chinakwera pakhoma ku Auburn, Nebraska, mu 1938. Iye ndi mnzake wamapasa, Jenne, anakongoletsa mapositiofesi 7, akuyenda pagalimoto yawo tauni ndi tauni kukaona ndi maso mmene anthu amagwirira ntchito.

Anthu a m'matauni sankalandira zithunzizi atapinda manja. Ankazipenda ngati eni ake, n'kumadandaula kavalo akamangidwa molakwika kapena pakhoma pakamera mbewu yosalimidwa kwawo. Ku Kellogg, tauni ya migodi ku Idaho, Fletcher Martin anapambana mpikisano wa 1939 ndi chithunzi cha anthu awiri a mumgodi atanyamula mnzawo wovulala pamachira, akudutsa m'kanjira kamdima kochirikizidwa ndi mitengo. Bungwe la ogwira ntchito mumgodi linachiyamikira kuti chikunena zoona. Akuluakulu a makampani anachikana, ati chizivutitsa mitima ya oferedwa. Mawu a makampani analemera, ndipo Martin anajambula china, cha osaka miyala ya mtengo wapatali atakumana ndi mwayi wawo. Pa 2 Meyi 1972 moto unabuka mumgodi wa Sunshine pafupi ndi Kellogg n'kupha anthu 91. Kachithunzi kachitsanzo kokanidwa kaja kakusungidwa ku Smithsonian American Art Museum ku Washington.

Ku Kennebunkport, Maine, olemba mabuku Booth Tarkington ndi Kenneth Roberts anatsogolera anthu kukana chithunzi cha Elizabeth Tracy cha anthu osamba m'nyanja, ndipo mu 1945 chinachotsedwa n'kuikapo cha zombo. Munthu angatsutsane nacho chigamulo chimenecho, koma chinapangidwa poyera, anthu akulankhula, nyuzipepala zikulemba, ndipo ndalama za chithunzi chatsopano anasonkha okha.

Palibe amene akukana kuti bungwe lanu lili pampanipani. Kuchokera pamene unduna wakale wa mapositiofesi unasanduka United States Postal Service pa 1 Julayi 1971, bungweli lakhala likuyembekezeka kudziyendetsa lokha ndi ndalama za masitampa ndi katundu wotumizidwa. Makalata wamba anafika pachimake mu 2001 ndi chiwerengero cha 103 biliyoni, ndipo lero sakufika ngakhale theka lake, intaneti italanda malo. Lamulo la 2006 linakakamiza bungweli kupatula madola oposa 5 biliyoni chaka chilichonse olipiriratu chithandizo cha kuchipatala cha odzapuma pantchito, mpaka nyumba ya malamulo inachotsa goli limeneli mu 2022. Mu 2011 mapositiofesi pafupifupi 3,700 anaikidwa pamndandanda woti aunikidwe ngati angatsekedwe. Nyumba zakale za pakatikati pa matauni, zomangidwa ndi miyala ndi njerwa zolimba, zinayamba kuonedwa ngati katundu woti asanduke ndalama.

Zotsatira zake sizinachedwe. Mu 2012 bungwe la National Trust for Historic Preservation linaika mapositiofesi akale pamndandanda wake wa malo 11 amene ali pachiopsezo chachikulu. Chaka chomwecho positiofesi ya Venice ku California inagulitsidwa kwa wopanga mafilimu Joel Silver. Chithunzi cha Edward Biberman cha 1941, chofotokoza mmene Abbot Kinney anakhazikitsira tauniyo, chinamatulidwa, chinakonzedwa bwino ndithu, chinaonetsedwa kwa kanthawi ku Los Angeles County Museum of Art mu 2014, kenako chinalowa m'nyumba yosungiramo katundu. Ntchito yokonzanso nyumba ya positiofesiyo inaima panjira, ndipo kwa zaka zambiri anthu a ku Venice ankangodutsa pampanda wotchinga nyumba yopanda anthu.

Positiofesi yaikulu ya Bronx ku New York inagulitsidwa mu 2014 pa madola 19 miliyoni, mkati mwake muli zithunzi 13 za Ben Shahn ndi Bernarda Bryson za anthu ogwira ntchito m'minda ndi m'mafakitale. Zinatetezeka chifukwa mzinda wa New York unafulumira, mu Disembala 2013, kuika chipinda cholandirira anthucho pansi pa lamulo loteteza malo a mbiri. New York ili ndi maloya, atolankhani ndi aphungu amphamvu. Tauni ya anthu 3,000 ku Kansas kapena ku Arkansas ilibe zonsezo, ndipo imangodalira chikumbumtima cha ofesi yanu.

Mu Epulo 2014 munatuluka malipoti awiri. Advisory Council on Historic Preservation, bungwe la boma lolangiza za malo a mbiri, linauza nyumba ya malamulo kuti kagulitsidwe ka mapositiofesi akale kali ndi zofooka pa kutsatira lamulo la 1966 loteteza malo otere, lomwe limafuna kuti anthu okhudzidwa afunsidwe kaye. Ofesi ya wofufuza wamkulu wa bungwe lanu lomwe inapeza kuti Postal Service sinkadziwa n'komwe kuchuluka kwa nyumba za mbiri zimene ili nazo. Gawo lalikulu la ntchito yolondola zithunzizi, kuzitola pakamera ndi kulemba kumene zili lakhala likugwiridwa ndi anthu odzipereka, monga a Living New Deal, omwe anayambira ku University of California ku Berkeley. Akuyenera kuthokozedwa, koma kuwerenga chuma ndi ntchito ya wochisunga.

Ngakhale zimene zikadali pamakoma sizili pamtendere. Zambiri zinamatidwa ndi guluu wosakaniza ndi mtovu, amene amauma gwa, moti kuzichotsa popanda katswiri n'kuzing'amba. Zapirira mwaye wa malasha otenthetsera nyumba, utsi wa fodya wa zaka makumimakumi, madenga odontha, madontho a penti a opaka makoma, ndiponso manja a oyeretsa a mtima wabwino amene anazipukuta ndi sopo. Zina zinabisika pamene anatsitsa siling'i kuti aike magetsi atsopano. Katswiri wokonza amakwera pamakwerero ndi kathonje kokulunga pakamtengo, n'kumapukuta kamalo kakang'ono nthawi imodzi, kathonje koyera kakutsika katada bii, mpaka mtambo umene unazimirira zaka 50 zapitazo utaonekeranso. Ntchitoyi ndi yotheka. Imangofuna ndalama ndi munthu woilamula.

Nkhani yovuta koposa ndi ya 2020. George Floyd ataphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis pa 25 Meyi chaka chimenecho, dziko lonse la America linayamba kudzifunsa za zipilala ndi zithunzi zake. Mu Ogasiti, Postal Service inalamula kuti zithunzi za m'mapositiofesi 16 a m'zigawo 12 zikutidwe ndi pulasitiki. Ku Catonsville, Maryland, anakuta cha Avery Johnson cha 1942, chosonyeza akapolo akugubuduza migolo ya fodya, azungu ali pa akavalo. Ku Medford, Massachusetts, anakuta cha Henry Billings cha 1939, momwe munthu wakuda wasenza mtolo wa nzimbe, chokumbutsa malonda a shuga, mowa ndi akapolo amene analemeretsa tauniyo.

Madandaulo a anthu amene zithunzizi zimawapweteka ndi enieni, ndipo wolemba kalatayi, pokhala mwana wa mu Africa, sangawapeputse. Mwa aluso 850 aja, akuda anali owerengeka pa zala za dzanja limodzi. M'zigawo za kummwera zithunzi zambiri zimasonyeza anthu akuda akutola thonje mwamtendere ngati kuti munda ndi wawo, pa nthawi imene ankatsekerezedwa kuvota ndiponso ankalima minda ya eni n'kumangokolola ngongole. Kumadzulo eni nthaka amaoneka kawirikawiri ngati achiwembu kapena ogonja. Wogwira ntchito wakuda amene amakhala tsiku lonse pakauntala moyang'anizana ndi chithunzi cha makolo ake ali mu ukapolo ali ndi ufulu wofunsa kuti chikutani pamenepo.

Pulasitiki samuyankha funso limenelo. Amangobisa umboni wa mmene boma linkaonera nzika zake m'zaka zimenezo, ndipo mwana wasukulu amene akanaphunzirapo amaona chinsalu chotuwa chopanda mawu. Chigamulo chinachokera kulikulu, kusiyana ndi ku Kellogg ndi ku Kennebunkport kumene mkangano unachitikira pabwalo. Njira ina inalipo kale mumzinda wanu womwewo. M'nyumba imene kale inali likulu la mapositiofesi ku Washington muli chithunzi cha Frank Mechau cha 1937, cha eni nthaka akuukira ngolo ya makalata. Ogwira ntchito ochokera m'mitundu ya eni nthaka atadandaula, boma linakambirana ndi okhudzidwa kwa zaka, ndipo mapeto ake chithunzicho chinatsala pakhoma, chotchingidwa kuti wosafuna asachione, pamodzi ndi mawu ofotokoza mbiri yake. Si onse amene anakhutira, koma aliyense anapatsidwa mpata wolankhula.

Bungwe lanu limadziwa ndithu kufunika kwa zithunzizi. Pa 10 Epulo 2019 ku Piggott, Arkansas, linatulutsa masitampa 5 okhala ndi zithunzi za ku Anadarko, Deming ku New Mexico, Florence ku Colorado, Rockville ku Maryland ndi Piggott komweko, kumene Daniel Rhodes anajambula mu 1941 anthu akukweza matumba a makalata mundege. Limadziwanso kuchita bwino likafuna. Ku Odessa, Texas, chithunzi cha Tom Lea cha 1940, cha ng'ombe za nyanga zazitali zikuthawa mphezi usiku, woweta akugwa pa kavalo pakati pa ziboda, chinakonzedwa n'kubwerekedwa kunyumba ya zaluso ya Ellen Noël mumzinda womwewo. Chikadali chuma cha Postal Service, ndipo anthu a ku Odessa akuchiona. Zimene zinatheka ku Odessa zisakhale za mwayi wa tauni imodzi.

Olankhula Chichewa nawo amaima pamizere imeneyi. Amalawi ambiri akhazikika ku South Bend ndi matauni ozungulira ku Indiana, chigawo chimene chinalandira zithunzi zoposa 30 za nthambi ya Bruce. Ulendo wosakwana ola limodzi kuchokera ku South Bend kuli Nappanee, kumene Grant Christian anajambula mu 1938 chithunzi chotchedwa Waiting for the Mail, cha munthu wodikira kalata. Mlendo wodzatumiza kaphukusi kwa amayi ake ku Ntcheu safuna womasulira kuti achimve, ndipo ana ake obadwira komweko ndi eni khomalo monga nzika ina iliyonse.

Choncho, Bwana, pali zinthu zisanu zimene ofesi yanu ingachite popanda kudikira lamulo latsopano.

Choyamba ndi kalembera. Chithunzi ndi chosema chilichonse chilembedwe: dzina la mwini luso, chaka, tauni imene anachipangira, kumene chili lero ndi mmene chilili, pamodzi ndi chithunzi chake cha pakamera. Zipinda zapansi ndi nyumba zosungiramo katundu zifufuzidwe, zotayika zilembedwe kuti n'zotayika, ndipo mndandandawo uikidwe pa intaneti kuti aliyense auone, uzikonzedwanso chaka ndi chaka.

Chachiwiri, nyumba yokhala ndi chithunzi kapena chosema isagulitsidwe popanda pangano lolembedwa m'mapepala a umwini, lomanga wogula woyamba ndi onse odzagula pambuyo pake, lakuti anthu azilowa kudzaona kwaulere pa masiku ndi maola odziwika. Ngati wogula sangathe, ntchitoyo isamukire kulaibulale, kuholo ya khonsolo, kusukulu kapena kupositiofesi yatsopano ya m'tauni momwemo, ndipo ikwere pakhoma makiyi asanaperekedwe.

Chachitatu, dongosolo la Edward Bruce libwerere. Pa madola 100 alionse ochokera pa kugulitsa positiofesi yakale, dola imodzi ilowe m'thumba lokonzera zithunzi ndi zosema. Pa nyumba ya ku Bronx yokha pakanachoka madola 190,000, okwanira kutsuka ndi kulimbitsa zithunzi za m'matauni angapo. Kwa zaka zambiri boma la America lapatula theka la dola pa madola 100 omangira nyumba zake zatsopano kuti ligule zaluso, ndipo mzinda wa Philadelphia wakhala ukutsatira lamulo la dola imodzi kuyambira 1959. Si chinthu chachilendo.

Chachinayi, kulikonse kumene chithunzi chinakutidwa kapena chikudandaulitsa anthu, pachitike msonkhano wa poyera, ndipo oyamba kumvedwa akhale zidzukulu za anthu ojambulidwawo ndi ogwira ntchito m'nyumbamo. Tauni ina idzasankha kuti chitsale ndi chikwangwani chonena zoona zonse za ukapolo ndi kulanda nthaka. Ina idzasankha kuti chisamukire kunyumba ya mbiri, kumene mphunzitsi angachifotokoze. Ina idzafuna kuti pakhoma loyang'anizana nalo wojambula wakuda kapena wa mtundu wa eni nthaka aikepo yankho lake. Chitsanzo chilipo kuchokera kunthambi ya Bruce yomweyo: mu 1943, m'nyumba ya Recorder of Deeds ku Washington, William Edouard Scott, wojambula wakuda wobadwira ku Indianapolis, anajambula Frederick Douglass akuchonderera Pulezidenti Lincoln kuti anthu akuda aloledwe kulowa usilikali. Chigamulo chilichonse chikhale ndi tsiku lake, ndipo pulasitiki achoke.

Chachisanu ndi chotchipa kuposa zonse. Pansi pa ntchito iliyonse pakhale kachikwangwani kotchula mwini luso, chaka ndi nkhani yake. Mkulu aliyense wa positiofesi yotere alandire malangizo a tsamba limodzi: asapukute, asapake, asakhomepo msomali, ndipo denga likayamba kudontha adziwe woti amuimbire foni. Mlendo, mphunzitsi ndi mwana wasukulu aziloledwa kutola chithunzi pafoni popanda kupempha chilolezo, malinga asasokoneze ntchito kapena kujambula anthu ali pakauntala.

Positi ya America inakwanitsa zaka 250 mu 2025, kuwerengera pamene Benjamin Franklin anakhala pampando umene mwakhalapowu mu 1775. Bungwe limene limafikitsa makalata pamakomo oposa 160 miliyoni silingalephere kudziwa kumene kuli zithunzi ndi zosema zoposa 1,000 zimene likusunga. Bwana, lamulani kuti kalembera ayambe chaka chino, imitsani kugulitsa nyumba iliyonse yokhala ndi ntchito zimenezi mpaka pangano loziteteza litasainidwa, ndipo muuze matauni 16 aja tsiku limene mudzakhale nawo pansi.

Wanu mwaulemu,
Mlembi wa nkhani za luso ndi mbiri